Kachipani ka m'malire komwe mpando wake umodzi udaimitsa boma

Zipani zing'onozing'ono zambiri zimakhala ngati bowa. Zimamera mvula ya chisankho ikagwa, ndipo mavoti akangowerengedwa sizionekanso. Amene adaponya voti m'dziko muno mu Okutobala 1994 akukumbukira kutalika kwa chipepala chija: zipani ndi migwirizano 14, chilichonse ndi chizindikiro chake. Lero ndi anthu ochepa chabe angatchule maina asanu mwa izo. N'chifukwa chake nkhani ya sabata ino ikuchokera kutali, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Germany, komwe kuli kachipani komwe kakhalapo kuyambira m'chaka cha 1948, kosakula kwenikweni komanso kosafa. Katatu konse, mu 1987, mu 2005 ndi mu 2012, aphungu ake owerengeka ndi omwe adali ndi mphamvu yogamula yemwe alamulire chigawo cha anthu pafupifupi 3 miliyoni.

Dzina lake ndi lalitali ndipo limalumitsa lilime: Südschleswigscher Wählerverband. Eni ake amangoti SSW. Tanthauzo lake ndi lakuti bungwe la oponya voti a kummwera kwa Schleswig, ndipo pamenepa mpofunika kufotokoza pang'ono, chifukwa kummwera komwe kukunenedwaku ndi kumpoto kwa Germany. Dera la Schleswig lidadulidwa pakati ndi malire. Mbali ya kumpoto ili m'dziko la Denmark, ya kummwera ili mu Germany, m'chigawo chotchedwa Schleswig-Holstein chomwe likulu lake ndi mzinda wa Kiel. Dziko la Germany lili ndi zigawo 16, ndipo chilichonse chili ndi boma lake, nduna yaikulu yake ndi Nyumba ya Malamulo yake. Nkhani za sukulu ndi za apolisi zimagamulidwa kuchigawo konko, osati ku Berlin. Choncho mpando wa m'Nyumba ya ku Kiel si wamasewera ayi.

Malirewo adabwera ndi nkhondo. M'chaka cha 1864 dziko la Denmark lidagonja kwa Prussia ndi Austria ndipo lidalandidwa Schleswig yense. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anthu a m'deralo adafunsidwa mu 1920 kuti asankhe okha komwe akufuna kukhala. Chakumpoto, anthu 75 mwa 100 alionse adasankha Denmark. Chapakati, pomwe pali mzinda wa Flensburg, pafupifupi 80 mwa 100 adasankha Germany. Mzere udalembedwa pakati pa madera awiriwo ndipo uli pomwepo mpaka lero. Koma kumpoto kwa mzerewo kudatsala anthu odzimva kuti ndi Ajeremani, ndipo kummwera kwake kudatsala odzimva kuti ndi Adanishi. Munthu wa ku Ulónguè yemwe azakhali ake ali ku Dedza, kapena wa ku Zóbuè yemwe adakwatira ku Mwanza, safunika kumufotokozera zambiri pa zimenezi. M'mbali mwa nyanja ya kumadzulo mulinso mtundu wina waung'ono wotchedwa Friesen, womwe uli ndi chilankhulo chakechake, ndipo ena mwa anthu amenewa akhala m'chipanichi chiyambire.

Chipanichi chidabadwa m'nthawi ya njala. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, chigawochi chidali m'manja mwa asilikali a Britain, ndipo chidadzaza ndi Ajeremani othawa kwawo ochokera kuvuma, mwakuti m'midzi ina alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Anthu zikwizikwi omwe dzulo lake ankadzitcha Ajeremani adayamba kulembetsa ku mabungwe a Adanishi ndi kutumiza ana awo ku masukulu a Chidanishi. Ena adatero pokumbukira agogo awo, ena ponyansidwa ndi zomwe ulamuliro wa Hitler udachita, ena pofuna kuti malire asunthe kuti asiyane nawo mavuto a Germany, ndipo ena, n'zosachita kubisa, kaamba ka mapaketi a zakudya ochokera ku Denmark. Anansi awo adawapatsa dzina lachipongwe lakuti Speckdänen, kutanthauza Adanishi a mafuta a nkhumba. Koma boma la ku Copenhagen lidanenetsa kuti malire sasuntha, ndipo silidasinthe maganizo.

Pa chisankho cha chigawo cha 1947, bungwe la chikhalidwe cha Adanishi lidapikisana nawo ndipo lidapeza mavoti oposa 99,000, omwe adali oposa 9 pa 100 alionse, ndi mipando 6. Akuluakulu a Britain sadakondwe kuti bungwe limodzi lizichita za chikhalidwe ndi za ndale pamodzi, lili ndi diso lina ku Denmark. Adalola kuti pakhale chipani chapadera, koma chosanena za kusuntha malire. Umu ndi momwe SSW idabadwira mu 1948. Chaka chotsatira, a Hermann Clausen, omwe adakhalapo mfumu ya mzinda wa Schleswig, adapita ku Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse ku Bonn ndi mavoti oposa 75,000. Apo mpomwe padali pachimake. Chuma cha Germany chitayamba kudzuka, ambiri mwa Adanishi atsopano aja adabwerera komwe adachokera. Mu 1950 mipando ya ku Kiel idatsika kufika pa 4, ndipo mu 1953 a Clausen adataya wawo wa ku Bonn.

Apa mpomwe padalowa nkhani ya mpanda. Ku Germany kuli lamulo lakuti chipani chikalephera kupeza mavoti 5 pa 100 alionse, sichilandira mpando, ngakhale mavoti akewo atakhala okwanira aphungu awiri kapena atatu. Cholinga chake n'chakuti Nyumba isadzaze ndi tizipani tambirimbiri, monga zidalili Hitler asanatenge boma. Mu 1951 boma la chigawo, lotsogozedwa ndi chipani cha CDU, lidakweza mpandawo kufika pa 7.5, ndipo aliyense ankadziwa mbuzi yomwe ankaitchingira. Khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidathetsa chinyengocho mu 1952, koma ngakhale mpanda wa 5 udali utatalika kale. Mu 1954 SSW idapeza mavoti oposa 42,000, omwe adali 3.5 pa 100, ndipo idatuluka m'Nyumba chimanjamanja. Chomwe chidawawa kwambiri n'chakuti kutsidya kwa malire, Ajeremani okhala mu Denmark adali atatumiza phungu wawo ku Nyumba ya Malamulo ya ku Copenhagen chaka chapitacho ndi mavoti osakwana 10,000.

Chipulumutso chidachokera komwe palibe ankayembekezera. M'nthawi yomweyo West Germany inkafuna kulowa m'gulu la nkhondo la NATO, ndipo maiko onse a m'gululo, kuphatikizapo Denmark, adayenera kuvomereza. Nduna ya zakunja ya Denmark, a H. C. Hansen, adadzutsa nkhani ya Adanishi a ku Schleswig pa msonkhano wa NATO ku Paris mu Okutobala 1954. Mtsogoleri wa West Germany, a Konrad Adenauer, adaona kuti sangataye ng'ombe chifukwa cha nkhuku. Pa 29 Malichi 1955, a Adenauer ndi a Hansen, omwe tsopano adali nduna yaikulu, adasaina zikalata ziwiri zomwe zimatchedwa za Bonn ndi Copenhagen. Silidali pangano limodzi la maiko awiri. Boma lililonse lidalonjeza palokha kwa nzika zake zomwe, chifukwa Denmark sinkafuna kupatsa mnansi wake wamkulu chifukwa cholowerera nkhani za m'nyumba mwake. Khoswe adali atakhala pa mkhate: kuyambira pamenepo, wofuna kuphwanya SSW ankayenera kuganiziranso za ubale wa maiko awiriwo.

M'zikalatazo muli mfundo ina yomwe ambiri saidziwa. Munthu ali ndi ufulu wonena yekha kuti ndi Mdanishi, ndipo boma silingamutsutse kapena kumufufuza. Palibe kaundula, palibe chiphaso cha mtundu, palibe wofunsa kuti agogo ako adabadwira kuti kapena kunyumba umalankhula chiyani. N'chifukwa chake chiwerengero cha anthuwa chimangoyerekezedwa kuti ndi pafupifupi 50,000. Chaka chomwecho cha 1955, Nyumba ya ku Kiel idasintha lamulo la chisankho kuti mpanda wa 5 usakhudze chipani cha Adanishi. Uwu sudali mpando waulere, monga ena amaganizira. Chipanichi chimayenerabe kupeza mavoti okwanira mpando umodzi mofanana ndi momwe mipando ya zipani zina imagawidwira. Chikalephera, chimatsala panja.

Awerengi a m'dziko muno amaudziwa mpanda umenewu. Udalipo pa zisankho za 1994, 1999 ndi 2004. Mu 1994 mgwirizano wa União Democrática udaudumpha ndi chala chokha, 5.15 pa 100, ndipo udalandira mipando 9, pomwe Frelimo idatenga 129 ndi Renamo 112. Ambiri ankati mwayiwo udabwera chifukwa chizindikiro chake chidali kumapeto kwa chipepala, pamalo omwe padali chithunzi cha a Chissano pa chipepala chinacho. Mavoti pafupifupi 13 pa 100 alionse adapita ku zipani zomwe sizidapeze kanthu. Mu 2004 chipani cha PDD cha a Raul Domingos chidapeza 2 pa 100 ndipo chidatsala panja. Mpandawo utachotsedwa, MDM idalowa mu 2009 ndi aphungu 8. Koma chipani chonga SSW sichingalembetsedwe kuno, pakuti malamulo aakulu a Moçambique amati chipani chilichonse chikhale cha dziko lonse. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense yemwe adaona zaka 16 za nkhondo. Komabe mpofunika kuona kuti Ajeremani nawonso ankaopa kugawikana komweko, ndipo mankhwala awo adali kugulana: Adanishi adasiya nkhani ya malire, boma lidawatsegulira khomo la Nyumba.

Mu 1958 chipanichi chidabwerera ku Kiel ndi aphungu awiri, a Samuel Münchow ndi a Berthold Bahnsen. Kuyambira 1962 mpaka 1996, zaka 34 zathunthu, chidali ndi phungu mmodzi yekha. A Bahnsen adaugwira mpandowo mpaka imfa yawo mu 1971, ndipo adalowa m'malo ndi a Karl Otto Meyer, omwe adaukhala zaka 25. A Meyer adali mphunzitsi wa sukulu ya Chidanishi m'mudzi wa Schafflund, adakhala wapampando wa chipani kuyambira 1960 mpaka 1975, komanso kwa zaka zoposa 20 adali mkonzi wamkulu wa nyuzipepala ya Adanishi ya Flensborg Avis. Munthu mmodzi, ntchito zitatu. M'kachipani kotere palibe wina woti n'kumutuma.

Phungu yekhayekha amakhala pa mayeso ovuta. Akamangolankhula za mtundu wake, anzake amamumvera mwaulemu ngati mlendo pa ukwati, kenako n'kupitiriza zawo. Akayamba kulankhula za misonkho, za ntchito ndi za magetsi, amamufunsa kuti wamutuma ndani. A Meyer adasankha njira yachiwiriyo. Ankanena kuti ovota awo amakhoma msonkho ngati wina aliyense, choncho mpando wawo ndi mpando wathunthu wokhala ndi voti pa nkhani iliyonse. Kwa zaka zambiri palibe adavutika nazo, chifukwa CDU inkalamulira popanda kusowa thandizo lawo.

Zinthu zidasintha pa 13 Seputembala 1987. Kutangotsala maola kuti anthu akavote, magazini ya Der Spiegel idaulula kuti mkulu wina wa zofalitsa nkhani mu ofesi ya nduna yaikulu, a Uwe Barschel, ankachita zauve pofuna kuipitsa mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha SPD, a Björn Engholm. Mkuluyo, Reiner Pfeiffer, adatuma anthu kuti azizonda a Engholm, adalemba kalata yopanda dzina yowanamizira kuzemba msonkho, ndipo adanena kuti zonsezi adatumidwa ndi a Barschel. Mavoti atawerengedwa, pa mipando 74, CDU idapeza 33 ndipo bwenzi lake FDP 4, zonse pamodzi 37. SPD idapeza 36. Mpando wotsalawo udali wa a Meyer, omwe chipani chawo chidangopeza 1.5 pa 100. A Barschel adalumbira pamaso pa atolankhani kuti ndi osalakwa, kenako adatula pansi udindo, ndipo pa 11 Okutobala adapezeka atafa m'bafa la hotela ina ku Geneva. Mpaka lero Ajeremani amakanganabe za imfayo.

CDU inkafunika voti imodzi yokha kuti isankhe nduna yaikulu yatsopano ndi kupitiriza kulamulira. A Meyer adakana. Adaumirira kuti nkhani yonyansayo ifufuzidwe ndipo anthu avotenso. Andale ena a CDU ndi abale awo a ku Bavaria adakalipa kuti Mdanishi sangagamule za chigawo cha Germany, ngati kuti a Meyer sadali nzika ya dzikolo. Iwo sadasunthe. Chisankho chidachitikanso pa 8 Meyi 1988, SPD idapambana ndi 54.8 pa 100, ndipo ulamuliro wa CDU womwe udayamba mu 1950 udathera pomwepo. Mpofunika kunenanso kuti a Engholm nawonso sadatuluke oyera. Mu 1993 adatula pansi maudindo awo zitadziwika kuti adanama za nthawi yomwe adadziwira za ntchito za Pfeiffer. A Meyer okha ndi omwe nkhaniyi idawasiyira mbiri yabwino, ndipo atapuma mu 1996 adasiya chipani chodziwika m'dziko lonse. Adamwalira mu 2016.

Mu 1996 mipando idakhala iwiri, wa mayi Anke Spoorendonk, omwe nawonso adali mphunzitsi, ndi wa a Peter Gerckens. Kenako lamulo la chisankho lidasintha. Kuyambira mu 2000 wovota aliyense adapatsidwa mavoti awiri, ya munthu ndi ya chipani, ndipo dzina la SSW lidayamba kuoneka pa chipepala m'chigawo chonse, ngakhale ku Holstein, kummwera, komwe kulibe masukulu kapena midzi ya Adanishi. Chaka chimenecho chipanichi chidapeza 4.1 pa 100 ndi aphungu atatu: mayi Spoorendonk, mayi Silke Hinrichsen ndi a Lars Harms, a mtundu wa Friesen. A Harms ndi omwe adalimbikira lamulo la 2004 lopatsa chilankhulo cha Friesen malo m'maofesi a boma ndi pa zikwangwani za m'dera lawo.

Chaka cha 2005 ndi chomwe chidaonetsa poyera kuti ulemu womwe kachipanika kankalandira udali ndi polekezera. Pa mipando 69, CDU ndi FDP zidapeza 34, SPD ndi chipani cha zachilengedwe cha Grüne zidapeza 33, ndipo SSW idapeza iwiri. Mayi Spoorendonk ndi a Harms adagwirizana zothandiza nduna yaikulu, mayi Heide Simonis a SPD, kuti apitirize kulamulira, koma iwo osalowa m'boma, monga zimachitikira kawirikawiri ku Denmark. Kudabuka mkuntho. Akuluakulu ena a CDU adayamba kunena kuti chipani cholowa m'Nyumba popanda kudumpha mpanda chilibe ufulu wosankha boma. Makalata achipongwe adasefukira ku ofesi ya chipani, ndipo mayi Spoorendonk adaopsezedwa kuti aphedwa mpaka apolisi adayamba kuwalondera. Anthu omwewo omwe ankanyadira zikalata za 1955 pa zikondwerero adapezeka akufunsa ngati mpando wa Mdanishi ulidi mpando.

Pa 17 Malichi 2005 aphungu adavota mwachinsinsi. Mayi Simonis, mayi woyamba kutsogolera chigawo m'mbiri ya Germany, ankayembekezera mavoti 35. Adapeza 34. Adavotanso kachiwiri, kachitatu mpaka kachinayi, ndipo nthawi iliyonse padasowa voti imodzi, chifukwa phungu wina ankaponya chipepala chosasankha aliyense. Munthuyo sadadziwike mpaka lero, ndipo Ajeremani adangomupatsa dzina lakuti wopha Heide. Mayi Simonis adachoka pa ndale, SPD idalowa m'boma limodzi ndi CDU pansi pa a Peter Harry Carstensen, ndipo aphungu awiri a SSW adabwerera ku mabenchi otsutsa atalandira matemberero popanda phindu lililonse.

Phindu la mpando lidaoneka bwino pa nkhani ya sukulu, yomwe ndi mtima weniweni wa chipanichi. Adanishi a ku Schleswig ali ndi masukulu awoawo, omwe mu 2010 adali oposa 40, kuphatikizapo Duborg-Skolen ya ku Flensburg. Ana amaphunzira m'Chidanishi, ndipo ndalama zimachokera ku boma la chigawo ndi ku Denmark. M'chaka chimenecho boma la CDU ndi FDP, ponena kuti thumba laphwa, lidagamula kuti mwana wa sukulu ya Chidanishi azilandira 85 pa 100 ya ndalama zomwe mwana wa sukulu ya boma amalandira. Makolo zikwizikwi adachita zionetsero, ndipo boma la ku Copenhagen lidadandaula. SSW, yomwe pa nthawiyo idali ndi aphungu anayi ndipo wapampando wake adali a Flemming Meyer, mwana wa a Karl Otto, idaphunzirapo kanthu: kuthandiza boma uli panja kudalephera mu 2005, ndipo kukhala otsutsa sikudateteze ana. Idalengeza chisankho chisanafike kuti tsopano ikufuna kulowa m'boma lenilenilo.

Mu 2012 zidatheka. SPD idapeza mipando 22, Grüne 10 ndi SSW 3, zonse pamodzi 35 mwa 69, kuposa otsutsa ndi mpando umodzi wokha. A Torsten Albig adakhala nduna yaikulu, ndipo mayi Spoorendonk adakhala nduna ya zachilungamo, chikhalidwe ndi nkhani za ku Ulaya, munthu woyamba wa chipanichi kulowa m'nduna patatha zaka 64 chibadwire. Mpando wawo wa uphungu adausiyira mayi Jette Waldinger-Thiering. Ndalama za ana a sukulu zidabwezedwa pa 100, ndipo mu 2014 mfundoyo idalembedwa m'malamulo aakulu a chigawo kuti boma lina lisadzaichotse mwachisawawa. M'zaka zomwezo, kuyambira 2011 mpaka 2017, mfumu ya mzinda wa Flensburg idali a Simon Faber, a SSW.

Monga mwa nthawi zonse, mpando utangoyamba kulemera, otsutsa adadzuka. Achinyamata ena a CDU adakasuma ku khoti la chigawo. Mfundo yawo idali yakuti SSW idasiya kukhala chipani cha mtundu waung'ono, popeza imalankhula za chilichonse ndipo imatola mavoti ku Holstein kwa anthu omwe sadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chidanishi. Kunena zoona, dandauloli silopanda mutu. Ngati Mdanishi ndi aliyense wonena kuti ndi Mdanishi, ndipo wovotera chipanichi ndi aliyense wochikonda, ndiye kuti mwayi womwe udaperekedwa kwa anthu 50,000 ukhoza kugwiritsidwa ntchito ndi ena otopa ndi zipani zikuluzikulu. Koma njira inayo ndi yoipa koposa. Kuti boma lidziwe voti ya Mdanishi weniweni, liyenera kuyamba kulemba anthu m'kaundula wa mitundu, ndipo Germany ikudziwa bwino komwe makaundula otere adaifikitsa. Mu Seputembala 2013 khotilo lidagamula kuti SSW ikadali chipani cha Adanishi ndipo mipando yake itatu ikhale, ngakhale oweruzawo sadagwirizane onse pa mfundo zina.

Boma lija lidagwa pa chisankho cha 2017. A Daniel Günther a CDU adatenga ulamuliro, ndipo SSW idatsala ndi 3.3 pa 100 ndi mipando itatu. Tizipani tambiri tikalawa unduna n'kuutaya timasweka pomwepo, chifukwa atsogoleri amayamba kulozana zala kapena kuthamangira kwa opambana. Izi sizidachitike. Mu 2021 a Flemming Meyer adasiyira upampando a Christian Dirschauer, ndipo chipanichi chidayesa zomwe chidaleka kuyambira mu 1961, kupikisana pa chisankho cha dziko lonse. Lamulo la dziko nalonso limamasula zipani za mitundu yaing'ono ku mpanda uja. Ndi mavoti oposa 55,000, a Stefan Seidler a ku Flensburg adalowa m'Nyumba ya ku Berlin ya aphungu 736, patatha zaka 68 chichokereni a Clausen. Phungu wopanda gulu kumeneko amapatsidwa mphindi zochepa zolankhulira, ndipo m'komiti amakhalamo ngati mlangizi wopanda voti. Mu Meyi 2022, pa chisankho cha chigawo, chipanichi chidapeza 5.7 pa 100 ndi aphungu anayi: a Harms, mayi Waldinger-Thiering, a Dirschauer ndi mayi Sybilla Nitsch. Kadali koyamba kuchokera mu 1950 kuti chidumphe mpanda ndi miyendo yake.

Pa chisankho cha dziko lonse cha Febuluwale 2025, Nyumba ya ku Berlin idachepetsedwa kufika pa mipando 630, zomwe zidakweza mtengo wa mpando uliwonse. A Seidler adabwererabe ndi mavoti pafupifupi 76,000. Tsiku lomwelo chipani cha FDP, chomwe chidali m'boma miyezi yochepa yapitayo, chidapeza 4.3 pa 100 ndipo chidatuluka m'Nyumba. Chipani chatsopano cha BSW cha mayi Sahra Wagenknecht chidapeza mavoti oposa 2.4 miliyoni, chidaperewera ndi mavoti zikwi zochepa chabe kuti chifike pa 5, ndipo sichidalandire ngakhale mpando umodzi.